Chithunzi Chomwe Chinalanditsa Laisensi

"Alamu, inu mumagwira ntchito komweko. Tandifufuzireni yemwe wandipereka," anatero a Rodrick, amuna a mkulu wake wa Edwina, uku akuponya patebulo kalata yowalanda laisensi ya mipikisano ya magalimoto.

Edwina sanaikhudze. Anaitayipa ndi iye yemwe, ku ofesi ya bungwe loyang'anira mipikisano ya magalimoto othamanga awiriawiri pamsewu wowongoka. Bungwelo linakangana ndi mwini bwalo lina kufupi ndi mzinda wa Hull ku England chifukwa cholandira gulu lopikisana nalo, ndipo linalamula kuti wothamangira kumeneko aliyense alandidwe laisensi.

A Rodrick anapitako mobisa, mpaka dzina kusintha, ndipo anapambana. Edwina naye anali m'gulu la oonerera, osauza munthu. Chimwemwe chitamupitirira, anawajambula atanyamula chikho n'kuika pa Facebook kuti abale ku Mzuzu aone. Pomwe ankakumbukira kuti bwana wake amaonanso zomwe amaika, madzi anali atatayika kale. Kufufuta sikunathandize.

"Ndiyesetsa, alamu," anayankha Edwina.

"Zaka zisanu ndikumanga injini ija kumapeto a sabata. Zaka zisanu!"

Kenako a Rodrick anamatula chithunzi chomwe bungwelo linaphatikiza pakalatayo ngati umboni. Anachiyang'ana nthawi yaitali, nkhope n'kuyamba kumasuka.

"Komatu mfiti imeneyi imadziwa kujambula. Chibwerereni ku England palibe anandijambulapo ndikuseka chonchi."

Anachiika m'manja mwa Edwina.

"Inu muli ndi diso labwino, alamu. Mukandisankhire felemu."