Uta wosapaka utomoni

Nsambo ya kaligo wa bambo inaduka nyimbo ili pakati, koma kaligoyo anapitiriza kulira m'masipika ngati palibe chachitika.

Anthu a mipando yakutsogolo anayamba kukodolana. Wina anaseka mokweza. Mwana wachisamba wa bambowo, woimba kiyibodi m'bandi ya banjali, anangoti mutu zyoli. Chiyambireni manja a bambo kunjenjemera, iye ankazimitsa mayikolofoni yawo mobisa n'kumaika nyimbo zimene anawajambula akadali ndi mphamvu.

"Achimwene, zimitsani!" ananong'ona mlongo wake ali pa ng'oma.

Koma wachisamba sanazimitse. Bambo anapitiriza kuyendetsa uta pamtengo wopanda nsambo mpaka nyimbo inatha, kenako anawerama mwaulemu.

Atalowa m'kachipinda kosinthira zovala, wachisamba anagwada.

"Bambo, ndakuchititsani manyazi pagulu. Anthu masiku ano akufuna nyimbo zothamanga, ndiye ndimaopa kuti muzitsalira."

"Tandipatsa chikwama changa," anatero bambo.

Anatulutsamo kachibulumwa ka utomoni wopaka ku uta. Kanali katachita fumbi.

"Iwe ukudziwa kuti uta wosapaka utomoni suliza nsambo. Ndinaleka kupaka tsiku lomwe unayamba kundizimitsa. Ndimaopa kukusokonezera nyimbo zako."

Bambo anayamba kumanga nsambo yatsopano, manja akunjenjemera.

"Komatu mkulu wa m'masipikayo amaimba bwino," anatero osadzutsa mutu. "Mawa umukwezeko pang'ono, nanenso ndizimumva."