Nyimbo Yopanda Mtima

"Nyimbo iyi ilibe mtima," anatero aphunzitsi a kuyunivesite kwa mtsikana wina wa m'kalasi mwawo, akuvula mahedifoni. "Chaka chatha munapeka ya imfa ya mayi anu, kalasi yonse tinalira. Mwabwerezeranji mutu womwewo? Digiri yopeka nyimbo simungaitenge ndi zouma chonchi."

Mtsikanayo anangoyang'ana zingwe za gitala. Chaka chatha mayi ake anali moyo. Ndiwo anamuthandiza kupeka kolasi ya nyimbo ija, akuseka kukhitchini: "Undiphe bwinobwino, mwanawe, ukhoze mayeso."

Anawaika m'manda Loweruka lapitalo. Nyimbo yatsopanoyi anaipeka atabwerako kumaliro.

"Mwandimva?"

"Ndamva, aphunzitsi."

"Mukailembenso. Mungokumbukira mmene munkamvera nthawi ija."

"Ndiyesetsa," anatero mtsikanayo, akulowetsa gitala m'chikwama.