Ulusi Wofiira pa Gudumu la Chikepe

Panali munthu wina ku Kolkata, dzina lake Nitai Mondol, amene ankayendetsa chikepe chokweza ndi kutsitsa anthu ndi katundu m'nyumba yakale yosungiramo tiyi pafupi ndi doko. Chikepecho chinali cha nthawi ya atsamunda. Chitseko chake chinali cha zitsulo zopingasa, chokoka ndi manja, ndipo chogwirira chake chinali chamkuwa: ukachikankha chikepe chimakwera, ukachikoka chimatsika, ukachiika pakati chimaima. Bwana wa nyumbayo anam'patsa Nitai kachipinda padenga, momwe ankakhala ndi mkazi wake Shefali ndi mwana wawo wamkazi, Jhumur, amene anali atangoyamba kumene kulankhula.

Chikepe chija chinayamba khalidwe lachilendo. Chikamatsika ndi mabokosi ambiri chinkayamba kuthamanga, kenako gwa! n'kuima pakati pa nsanjika. Onyamula katundu ankam'seka Nitai.

"Iwe Nitai, agogo akowa atopa. Agulire ndodo!"

Bwana sanaseke. "Chikaimanso ndichichotsa, ndiike cha mabatani. Chimenecho sichifuna munthu, ndipo kachipinda kako ndisungiramo katundu."

Nitai anaitana a Sattar, mmisiri wokonza zikepe, ndipo anakwera nawo ku kanyumba ka makina. A Sattar analoza gudumu laling'ono lokhala ndi timipira tiwiri tachitsulo.

"Chikepe chikathamanga mopitirira, timipira iti timatambasuka, ndiye mano a pansi pa chikepe amaluma njanji za m'mbali. Gudumu ili silikulakwa ayi. Atha ndi mabuleki. Gudumuli likungokugwira kuti usagwe."

"Ndiye titani, madala?"

"Ukauze bwana atseke chikepe, tisinthe mabuleki."

"Akatseka satsegulanso. Mwana wanga ndikam'goneke pamsewu?"

"Wogona pamsewu amadzuka m'mawa," anatero a Sattar. "Gudumu ili usalikhudze."

Nitai sanawauze kanthu bwana.

Linafika tsiku la Vishwakarma, mulungu wa amisiri, pamene makina onse amapuma, n'kudzozedwa utoto wofiira ndi kuvekedwa maluwa. Chifaniziro chadothi cha mulunguyo anachiimika pansanjika yapamwamba. Aliyense ankamanga ulusi wofiira pa chida chake, wa ngolo pa ngolo yake, wa sikelo pa sikelo yake. Nitai anatenga ulusi wake n'kukwera ku kanyumba ka makina. Anamanga timipira tija ndi ulusiwo, kukulunga ndi kukulunga mpaka tinathina, n'kuphimba ndi nkhata ya maluwa.

Shefali anam'peza akadali pomwepo.

"Ulusi wonsewo pa gudumu limodzi, bambo a Jhumur?"

"Kuti dalitso lichuluke."

"Nanga mwathinitsa chonchi chifukwa chiyani?"

"Pita ukaone ngati mpunga wapsa."

M'mawa mwake chikepe chinatsika ndi kukwera popanda kuima. Onyamula katundu anawomba m'manja. "Agogo achira! Nitai, wawamwetsa chiyani?" Nitai anaseka nawo.

Masana inakwana nthawi yonyamula chifaniziro kupita nacho kumtsinje, monga mwa mwambo. Chinali cholemera, ndipo palibe amene anafuna kuchisiya chitsike chokha. Anthu anadzazana m'chikepe. Bhola, woimba ng'oma, analowanso ndi ng'oma yake. Jhumur atamva ng'omayo anatambasula manja ali m'manja mwa amake.

"Baba, nanenso!"

"Ayi, ife titsika pa masitepe," anatero Shefali.

"Mwana wa woyendetsa chikepe atsike pa masitepe?" anafuula Bhola. "Alamu, bweretsani mwanayo, musam'chititse manyazi mkuluyu!"

Onse anaseka. Nitai anayang'ana kudenga, kenako anam'landira mwanayo. Malo a Shefali panalibe. Chitseko chinatsekedwa iye akuona.

Nitai anakoka chogwirira. Chikepe chinayamba kutsika bwinobwino, anthu akuimba ndi kudumpha. Atadutsa nsanjika imodzi, mphepo inayamba kuwomba kuchokera pansi. Nitai anabwezera chogwirira pakati. Chikepe sichinaime. Anachikankhira kokwera. Sichinamve.

"Musaope, chiima chokha!" anatero wina. "Si paja chimatero masiku onse?"

Anthu anasekanso, akudikira gwa! uja. M'chikepe chonsecho ndi Nitai yekha amene ankadziwa kuti sabwera. Anasiya chogwirira, n'kumukumbatira Jhumur pachifuwa, dzanja limodzi litaphimba kamutu kake.

Phokoso la kugwa kwa chikepe linamveka mpaka kumsewu. Shefali anatsika masitepe onse akuitana dzina la mwana.

Bhola anafera pomwepo, chifaniziro chitam'gwera. Ena anathyoka miyendo, ena nthiti. Jhumur anam'tulutsa akulira, ali ndi kabala kakang'ono pachipumi basi. Nitai anathyoka msana.

A Sattar atabwera anakwera ku kanyumba kuja, nachotsa maluwa, n'kudula ulusi ndi mpeni. Atazunguza gudumu mwamphamvu ndi dzanja, timipira tinatambasuka nthawi yomweyo. Tinalibe vuto lililonse.

Akuti Nitai akadali moyo, amagona pamphasa kwa mlongo wake wa Shefali. Mkazi wa Bhola anabwerako kamodzi, anaima pakhomo, anam'yang'ana, n'kubwerera. Jhumur akukula bwino. M'mawa amafika pamphasa paja n'kukweza manja.

"Baba, ndinyamuleni."

"Mawa, mayi wanga," amayankha Nitai.

Phunziro: Chinthu chikamakuimitsa, yamba wafunsa chimene chikukutchinjiriza. Usatseke pakamwa chenjezo chifukwa choopa kutaya ntchito, ndipo usabise chinyengo m'zinthu zopatulika. Tonse timavutikira ana athu, koma ntchito ina imapezeka, denga lina limapezeka, pamene msana wonyamulira mwana ndi umodzi wokha. Tumizirani uthengawu aliyense wogwira ntchito ndi makina, makamaka abambo a ana aang'ono. Mwina pali wina amene ulusi uli kale m'manja, koma sanamange.