Mawu Amodzi Amene Anaimitsa Boti la Che Jaffalie

Panali munthu wina ku Nkopola, dzina lake Che Jaffalie, amene ankatenga alendo pa boti lake kukaona mbalame kuchilumba. Amene anandiuza nkhaniyi amagulitsa mafuta a injini pomwepo, ndipo akulumbira kuti ndi yoona.

Bamboyu anali wosakhazikika ngati nkhuku yofuna kuikira. Anali ndi webusaiti ya botilo, ndipo munthu akasaka maulendo a pa boti ku Mangochi pa Google, dzina lake linkatuluka pachinayi. Alendo ankabwera ndithu, koma pachinayipo pankamuwawa. Podzuka foni, pakudya foni, ngakhale potuluka mumzikiti ankayamba wasuzumira pafoni asanavale nsapato.

Mkazi wake, Dinala, ndiye ankalandira alendo, ndipo ankakonda kuwafunsa kuti, "Mwatidziwa bwanji?" Ambiri ankayankha chimodzimodzi: "Tinawerenga kwa a Matilda." A Matildawo anali mayi wa ku Blantyre wolemba za maulendo pa tsamba lawo la pa intaneti. Anakwerapo botilo kamodzi, anasangalala, n'kulemba nkhani yake. Pansi pa nkhaniyo anaika linki, yoti munthu akadina afike pa webusaiti ya Che Jaffalie.

Khirisimasi ikuyandikira, nyengo imene nyanja imadzaza ndi alendo, kunatulukira mnyamata wovala bwino, laputopu kukhwapa. Anati dzina lake ndi Raymond, katswiri wokweza mawebusaiti. Amati mlendo amadza ndi kalumo kakuthwa. Ka uyu kanali kakuthwadi, koma kometera mpala wopanda madzi.

Raymond anatsegula tsamba la a Matilda, n'kuonetsa timalemba tobisika kuseri kwa linki ija.

"Bwana, mukuwaona mawu awa? Alemba kuti nofollow. Pa Chichewa ndiye kuti osatsata. Mayi ameneyu pamaso akukusekererani, koma kuseri akuti anthu asakutsateni."

Che Jaffalie anaimirira, anakhala, anaimiriranso. "Wallahi! Munthu ndinamudyetsa chambo ndi manja angawa, iye n'kundimanga?"

"Auzeni achotse. Ine ndikubweretserani malinki mazanamazana opanda mawu amenewa, ndipo mudzakhala pamwamba pa onse."

Dinala anamva zonse ali pakhomo. Raymond atachoka anati, "Bambo a Amida, ngati mawuwo amaletsa anthu, nanga onse akubwerawa akudzera kuti? Bwanji muwafunse kaye mwaulemu eni akewo?"

"Iwe za makompyuta unaziphunzira kuti? Tandisiya."

Che Jaffalie anaimbira foni a Matilda nthawi yomweyo, mtima uli m'mwamba. A Matilda anayesa kufotokoza, koma iye sanawapatse mpata. Anawatchula njoka, anawatchula wanjiru, n'kumaliza ndi mawu akuti, "Chotsani dzina langa lero lomwe!" Mayiwo anangoti, "Chabwino, bambo." Dzuwa lisanapendeke, nkhani ndi linki yomwe zinali zitachoka.

Atalandira malipiro, Raymond anabweretsadi malinki ake. Kwa masiku ochepa dzina la Che Jaffalie linakwera kufika pachiwiri, ndipo anayenda gombe lonse akuonetsa foni kwa aliyense, ngakhale kwa asodzi amene analibe nazo ntchito.

Kenaka zinthu zinatembenuka. Lachisanu lina atamaliza swala kumzikiti, mlamu wake Zubair anamukokera pambali.

"Alamu, mwayamba liti za juga? Dzina lanu ndi chithunzi cha boti lanu zili mbwee pa masamba a kubetcha. Anyamata akutumizirana. Mukufuna ashehe amve kuti mukudya za haramu?"

Che Jaffalie anachita manyazi osaneneka. Malinki a Raymond aja anawamwaza pa masamba a zinyalala, a juga ndi a mankhwala achinyengo. Makina a Google nawo anazindikira kuti ndi malinki ogula. Webusaiti ija inatsetsereka, tsamba loyamba osaoneka, lachiwiri osaoneka, mpaka mwini wake anatopa n'kusaka. Foni ya Raymond inali yozima.

Tchuthi chinafika, magalimoto anadzaza msewu wa ku Monkey Bay, koma foni ya Che Jaffalie inangoti zii. Ankazungulira boti lake, kupukuta mipando yopukutapukuta kale, kuliza injini n'kuizimitsanso. Pomaliza anadzichepetsa n'kuimbira a Matilda kupepesa.

"Ndakukhululukirani, bambo," anatero mayiwo. "Koma tsiku lija mukanandilola kulankhula. Mawu aja sauza anthu ayi, anthu sawaona n'komwe. Amangouza makina osakira kuti linkiyo asaiwerenge ngati voti yokukwezani. Tsamba langa limawaika lokha pa linki iliyonse. Mwina siinkakukwezani pa Google, koma anthu ankadina n'kubwera."

"Ndiye ibwezeretseni, chonde mayi."

"Owerenga anga ankandifunsa boti loti akwere, ndiye ndinapita kukayesa la a Wadi, oyandikana nanu aja. Ndalemba kale za iwo."

Tsiku la Khirisimasi Che Jaffalie anakhala m'boti lake lopanda munthu. Anatsegula tsamba la a Matilda n'kuyang'ana kuseri kwa linki ya Wadi, monga anamuonetsera Raymond. Mawu aja analipo, nofollow, omwewo ndendende. Akadali chiyang'anire, panafika banja la anthu ambiri, ana ndi zikwama zawo.

"Pepani bambo, boti la a Wadi ndi liti? Tinawerenga kwa a Matilda."

Che Jaffalie analoza ndi chala, ndipo onse anatsata kumene analozako.

Phunziro: Safunsa anadya phula. Linki ya nofollow mwina singakukwezeni pa Google, koma imabweretsa anthu enieni, ndipo amene amakwera boti ndi anthu, osati makina. Musatukwane wokuchitirani zabwino chifukwa cha mawu amodzi amene simunawamvetse, ndipo musagule malinki kwa munthu wongodutsa. Tumizirani aliyense amene ali ndi webusaiti, Raymond asanamupeze.