Mpweya Wachitatu pa Galasi la a Urho

Pamene a Urho ankabwera kudzanditenga pa galimoto yawo yahayala, kunja kunali kutada kale, chisanu chili cholasa m'mafupa. Helmi, mayi wa ku famu ya kuseri kwa nkhalango, matenda anali atamuyamba, ndipo mzamba dera lonselo ndinali ine ndekha.

Galimoto za masiku amenewo zinalibe chotenthetsera. Mpweya wa munthu ukangokhudza galasi, unkaundana pomwepo. N'chifukwa chake a Urho ankamata kandulo m'munsi mwa galasi lakutsogolo, kuti izisungunula pamalo poonera msewu.

"Mayi Hilja, muzipumira m'mpango wanuwo," anatero. "Mukundiphera galasi."

"Ine pakamwa ndamanga kalekale. Mwina ndi chimphuno chanucho."

Koma nthunziyo sinali mbali yanga, sinalinso mbali yawo. Inali pakati pathu, kachigamba ngati chikhatho, kakukula n'kuchepa, kakukula n'kuchepa. Kakamakula, lawi la kandulo linkaweramira kugalasi, ngati wina akuliuzira kuchokera kumbuyo.

"Tagwirani mpweya," ananong'ona a Urho.

Tonse tinaugwira. Kachigambako kanapitirizabe.

"Mwanyamula wina kumbuyoku?" ndinafunsa.

"Chikwama chanu chokha. Musacheuke."

Kapumidwe kameneko ndinkakadziwa bwino. Kanali kafupikafupi, kothamanga, ka mayi amene mwana wakana kutuluka.

"Pondani moto, bambo."

Tili pakati pa nkhalango, lawi lija linaima njo. Galasi linayera mbee, msewu wonse n'kumaoneka bwinobwino. Famu inali idakali kutali.

Ndinadziwa kuti Helmi wasiya kupuma. A Urho anangochepetsa liwiro.