Masipika Kuseri kwa Mpando

Mfuti ya mufilimu inalira kuseri kwa mpando wa apongozi, ndipo mkamwini anamwetulira. Kabokosi ka saundi kagwira ntchito!

Kusitolo iye anakana kabokosi ka mabowo awiri okha olumikizira masipika. Anasankha kamabowo ambiri, kolumikiza ku laputopu, koti phokoso lizimuzungulira munthu mbali zonse. Apongozi ake, msilikali wakale, sakhala pansi msana usanagunde khoma. Koma lero iye anawakokera mpando pakati pa balaza, nabisa masipika awiri kumbuyo kwake kuti awadabwitse.

Bambowo anatembenuka ngati mphezi. Anaswa sipika ndi chigongono, namugwetsera mkamwini pa tebulo lagalasi. Phwaa! Bondo pachifuwa, chingwe cha sipika m'khosi.

"Muli angati? Yankha, galu iwe!"

"Ababa, ndi filimu!" mwana wawo wamkazi anakuwa, akuwakoka malaya. "Mundiphera mwamuna!"

Mkaziyo anathamanga nazula kabokosi kaja. M'nyumba munangoti zii.

Chingwe chinamasuka pang'onopang'ono. Mkamwini anakoka mpweya, akutsokomola. Apongozi anayang'ana magalasi osweka, kenaka magazi akuchucha pankhope pa mkamwiniyo.

"Akamwini," ananong'ona, "wakupangani zimenezi ndani?"