Msewu Wopanda Galimoto wa ku Vauxrenier

"Tamverani," anatero a Anatole Perrachon, chala chili m'mwamba, njinga ikuyendabe. "Mukumva chiyani?"

Solène Gauthey anatchera khutu. Kunkangomveka matcheni a njinga zawo ziwiri ndi mbalame imodzi yaulesi.

"Palibe, bambo."

"Basi. Mukalembe zomwezo."

Solène anali wa ku ofesi yokopa alendo, ndipo ankakonza mapu atsopano a misewu yabata ya okwera njinga. Malo anali atatsala a msewu umodzi wokha, midzi yolimbirana ili isanu ndi umodzi. A Perrachon, mphunzitsi wopuma pa ntchito wa zaka 74, anali atamulembera makalata khumi ndi anayi. Onse ankanena chimodzi: msewu wochoka ku Vauxrenier, wozungulira m'minda ya mpesa n'kubwereranso m'mudzi, ulibe unzake m'chigawo chonse. M'kalata yomaliza analumbira kuti akadzakumana ndi galimoto ngakhale imodzi, adzameta ndevu zawo pakhomo pa tchalitchi. Ndevuzo anali atazisunga zaka makumi anayi, ndipo zinkawafika pa batani lachitatu la malaya.

Ananyamuka naini koloko yeniyeni, monga a Perrachon ankachitira tsiku lililonse. Unali mwezi wa Seputembala, nyengo yothyola mphesa. Solène anali atakolekera kabuku pa mahandulo kuti azilembamo magalimoto amene akumana nawo. Tsambalo linali mbee.

Mkuluyo ankapalasa pakati penipeni pa msewu, msana uli chilili ngati ali m'kalasi. Akafuna kulankhula ankacheuka thupi lonse, njinga n'kumadziyendera kumene yafuna. Akafuna kuloza chinthu ankaloza ndi manja onse awiri.

"Onani gwape uyo! Sathawa n'komwe. Ndi bata limeneli."

Solène anayang'ana. Unali mgolo wakale wa vinyo. Anangovomera ndi mutu, poti analeredwa bwino.

Atafika pamphambano, a Perrachon anavula chipewa. "Mwadzuka bwanji, mayi Bouchacourt?" Bokosi la makalata limene ankalilonjeralo silinayankhe.

"Ndi odzimva mayi amenewa," anang'ung'udza. "Banja lonse n'lotero."

"Magalasi mwaiwala kunyumba, bambo?"

"Magalasi ndi a nkhalamba, mwanawe. Ine ndimaona ntchentche ili pa nsanja ya tchalitchi."

Anapitirira. Dzuwa linayamba kuwawa. M'mizere ya mpesa munali othyola ambiri, ndipo njinga zikamayandikira ankasiya malumo n'kulowera m'kati mwa munda. Pakhonde la nyumba ina, mayi wina anaimirira foni ili kukhutu, akuwabayibitsa mwamphamvu.

"Mwaona? Ana anga onsewa. Ndinawaphunzitsa ulemu ndili ndi mphamvu."

Chimodzi chinamudabwitsa Solène. M'mphepete mwa msewu munali milu ya mabokosi odzaza mphesa, mavu akuzungulira, madzi ayamba kudontha. Kwina konse nyengo imeneyi mathirakitala amayenda mondondozana ngati nyerere. Kuno kunali zii.

"Nanga mphesazi amanyamula liti?"

"Anthu akuno sathamanga. Vinyo wabwino safuna phokoso."

Solène analemba mawu amenewo. Anaona kuti adzakhala bwino pansi pa chithunzi.

Kenako kunabwera mtsetse. A Perrachon sankagwirizana ndi mabuleki. Ankati amatha matayala. Anatsika ndevu zikuuluka mbali zonse ziwiri, n'kukhota ngodya yosaoneka kutsogolo atatsamira kumanzere, kumene kumadzera magalimoto ochokera kutsogolo. Galu amene anagona pamsewu anadziponya m'ngalande asanatsegule n'komwe maso. Solène anatsinzina, akudikira kumva chitsulo chikuphwanyika.

Sanamve kanthu. Anangomva mawu akufuula kumunsi: "Mungachite zimenezi pamsewu wina uti? Tandiuzani!"

Makilomita khumi ndi asanu ndi atatu anatha. Pageti la nyumba yawo, a Perrachon anaima mothandizidwa ndi mpanda wa maluwa, womwe unali ndi chibowo chofanana ndendende ndi thupi lawo.

"Zingati?" anafunsa, akupuma movutikira.

Solène anawaonetsa tsamba lija. Panalibe kadontho ka inki.

"Ndayenda misewu makumi atatu chaka chino, bambo. Sindinaonepo zotere. Msewu wanu ukulowa pa mapu."

Maso a mkuluyo analengeza misozi. Anagwira ndevu zawo ndi manja awiri ngati mwana wotayika amene wapezeka, anapsompsona Solène masaya onse, n'kukankha njinga kulowa nayo m'shedi.

Solène anapalasa kulowera pabwalo la mudzi kuti akamwe khofi. Atakhota kuseri kwa tchalitchi anagwira mabuleki mwadzidzidzi.

Panali mzere. Mathirakitala khumi ndi anayi okoka ngolo zopanda kanthu, galimoto ya positi, lole ya mabotolo, kagalimoto ka namwino, ndiponso wansembe akuwodzera pachiwongolero. Injini zonse zinali zozimitsa. Kutsogolo kwake kunaima mayi wophika buledi, ufa uli mpaka m'zigongono, foni ili kukhutu.

"Alowa!" anafuula mayiyo. "Njinga aikoleka! Tiyeni!"

Mudzi wonse unabangula nthawi imodzi. Utsi unakwera, nkhunda zinabalalika, wansembe anadzidzimuka n'kuliza hutala.

"Kodi kwachitika chiyani?" Solène anafunsa dalaivala wa thirakitala yoyamba, bambo wamphuno yokhota.

"Chachitika n'chiyani? Ndi teni koloko, achemwali." Anagwira mphuno yake n'kulowetsa giya. "Chaka chachisanu ndi chimodzi chino. Aphunzitsi akakhala pa njinga, palibe wamisala amene amatulutsa galimoto."